Ma SUV awiri amagetsi akukusowetsani tulo? Umu ndi momwe mungasankhire imodzi

Mwawerenga, mwaonera mavidiyo, mwataya iyi ndi iyo, ndipo m'manja mwatsala magalimoto awiri. Onse ndi ma SUV (magalimoto aakulu okwera m'mwamba) oyendera magetsi, onse ndi atsopano, mitengo yake siyotalikirana kwenikweni, ndipo wogulitsa aliyense akulumbira kuti yakeyo ndiye mfumu. Usiku mukugona mutasankha iyi, m'mawa mukudzuka mtima uli pa inayo.

Pamenepa kuwerenga kwina sikukuthandizaninso. Chimene chatsala ndi kuika magalimoto awiriwa m'sabata yanu yeniyeni: kumene galimoto izigona, mtunda umene iziyenda, ndi anthu amene azikweramo. Ndizitchula Tesla Model Y ndi Hyundai Ioniq 5 apo ndi apo chifukwa anthu ambiri amakakamira pakati pa awiriwa, komanso anapangidwa ndi maganizo osiyana. Koma njira yake ndi yomweyi ngakhale anu atakhala Volkswagen ID.4 ndi Kia EV6, kapena BYD Atto 3 ndi ina iliyonse.

Yambani ndi kope

Kwa sabata ziwiri, madzulo aliwonse lembani makilomita amene mwayenda tsikulo, anthu amene munali nawo, katundu amene munanyamula, ndi malo amene munaima kopitirira ola limodzi. Patsamba lina lembani maulendo aatali onse a chaka chatha ndi kutalika kwake. Mwina mupeza kuti tsiku wamba simupyola makilomita 60, ndipo maulendo aatali ndi owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Mwinanso mupeza kuti sabata iliyonse mumadula makilomita 400 tsiku limodzi. Anthu awiri oterewa sayenera kugula galimoto yofanana. Kopelo lisungeni, tibwererakonso.

Kodi galimotoyo izigona kuti?

Funso ili ndi lalikulu kuposa onse, ndipo ndikupemphani kuti muliyankhe musanapondenso kwa wogulitsa. Galimoto yamagetsi imakoma ikamadya usiku mwini wake ali m'tulo.

Pali mawu awiri oyenera kuwasiyanitsa. kWh ndi kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga, ngati malita a m'thanki. kW ndi mphamvu imene magetsiwo amalowera, ngati kukula kwa mpopi wothirira. Soketi wamba ya pakhoma, kumayiko a magetsi a mavoti 230, imapereka pafupifupi 2.3 kW. Tchaja yomangirira kukhoma imapereka 7.4 kW pa nyumba ya single phase (yolandira magetsi pa waya umodzi wamoto), kapena 11 kW ngati nyumbayo ili ndi three phase (mawaya atatu amoto). SUV yamagetsi imadya pakati pa 16 ndi 20 kWh pa makilomita 100 mukamayenda mosathamanga. Ndiye ngati kope lanu likuti makilomita 60 pa tsiku, mukufunika pafupifupi 11 kWh usiku uliwonse. Pa soketi wamba amenewo ndi maola asanu kapena kuposerapo pang'ono. Pa tchaja ya 7.4 kW ndi ola limodzi ndi theka basi. Mukuona kuti munthu wotere batire lalikulu salifuna n'komwe.

Itanani wamagetsi wovomerezeka adzaone nyumba yanu. Aone kukula kwa mawaya, earth, ndi ngati bokosi la magetsi lingathe kunyamula tchaja pamodzi ndi mbaula yamagetsi ndi giza. Kutchaja galimoto kumakoka magetsi ambiri kwa maola otsatizana osapumira, ndipo soketi yakale kapena ekisitenshoni yotchipa imatentha mpaka kusungunuka. Apa musachite zongoyerekeza.

Kenako imani pamalo pomwe galimoto iziima, tepi m'manja. Model Y potchajira pake pali kumbuyo chakumanzere, pamene Ioniq 5 pali kumbuyo chakumanja. Chingwe cha tchaja nthawi zambiri chimakhala cha mamita asanu. Ngati khoma la magetsi lili mbali inayo, tsiku lililonse muzilowa chambuyo kapena kukoka chingwe mozungulira galimoto, mvula ikugwa, mwana ali kumanja. Ndi kanthu kakang'ono, koma muzikumana nako madzulo aliwonse kwa zaka.

Ngati mukuchita lendi kapena mumakhala m'nyumba zosanjikizana, funsani eni ake kaye, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa. Akakana, ndipo kuntchito kulibe potchajira, ndiye kuti moyo wanu ukhala wodalira matchaja a m'misewu. Zikatero, gawo lonena za kutchaja mwachangu ndi limene likusankhireni galimoto.

Nambala ya makilomita ija muiwerenge ndi diso lachiwiri

Wogulitsa ayamba ndi nambala imeneyi: iyi imayenda makilomita 500, iyo 530. Funso loyamba likhale lakuti, anayeza ndi muyezo uti? Ku Ulaya amagwiritsa ntchito WLTP, ku America EPA, ku China CLTC. Galimoto imodzimodziyo imaoneka yoyenda mtunda wautali kwambiri pa CLTC, wocheperapo pa WLTP, ndipo kawirikawiri wochepa koposa pa EPA. Kuyerekeza nambala ya CLTC ya galimoto iyi ndi ya WLTP ya inayo ndi kudzinamiza. Onetsetsaninso kuti nambalayo ndi ya mtundu womwe mukugulawo, chifukwa dzina limodzi limakhala ndi mabatire awiri kapena atatu osiyana kukula. Ya mota ziwiri, yokoka ndi mawilo onse anayi, imadya kwambiri kuposa ya mota imodzi. Malimu aakulu a mainchesi 20 amakongola, koma amadula mtunda poyerekeza ndi a 19, ndipo amagunditsa kwambiri m'maenje.

Amene anazolowera petulo amadziwa kuti galimoto imamwa kwambiri m'tauni n'kumamwa pang'ono pamsewu wautali. Yamagetsi ndi yotembenuza. M'tauni, mukachotsa phazi pamoto, mota imasanduka jenereta n'kubwezera magetsi m'batire. Pamsewu wautali mdani ndi mphepo: liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakankha galimoto kuwirikiza kanayi, ndipo SUV ndi yaitali ndiponso yachifuwa chotakata.

Werengetsani nokha chonchi. Tiyerekeze kuti batire limene galimoto imakulolani kugwiritsa ntchito ndi la 75 kWh, ndipo pa liwiro la makilomita 120 pa ola ikudya 21 kWh pa makilomita 100. Amenewo ndi makilomita ngati 355, osati 500. Paulendonso palibe amene amayenda mpaka batire kufika pa ziro, ndipo palibe amene amadikira kuti lidzaze mpaka 100 peresenti pa tchaja ya mumsewu. Mumayenda pakati pa 10 ndi 80 peresenti. Ndiye kuchokera pa tchaja ina kufika pa ina ndi makilomita pafupifupi 250. Chitani masamu amenewa pa magalimoto onse awiri, n'kuika zotsatira zake pambali pa maulendo a m'kope aja. Nthawi zambiri kusiyana kwa makilomita 30 kwa m'kabuku ka wogulitsa sikuchotsa ngakhale poima pamodzi paulendo wanu. Kukakhala kuti kukuchotsa, pa msewu umene mumayendamo mwezi ndi mwezi, ndiye kuti ndi nkhani yaikulu ndipo muilembe.

Kutchaja mwachangu: funsani mphindi, musafunse kW

Galimoto iliyonse imalengeza mphamvu yapamwamba imene ingalandire, monga 150 kW kapena 250 kW. Mphamvu imeneyo imafikidwa kwa kanthawi kochepa batire likakhala lotsika, kenako imayamba kutsika pamene batire likudzaza. N'chifukwa chake kuchokera pa 80 kufika pa 100 peresenti kumatha kutenga nthawi yofanana ndi ya kuchokera pa 10 kufika pa 80. Nambala yothandiza ndi iyi: mphindi zingati kuchokera pa 10 kufika pa 80?

Ioniq 5, yomwe inatuluka mu 2021, ili ndi batire la mavoti pafupifupi 800, ndipo pa tchaja ya 350 kW imachita zimenezi m'mphindi ngati 18 zinthu zikakhala bwino. Model Y, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2020, ndi ya mavoti 400 ndipo imatenga pafupifupi theka la ola. Papepala Ioniq 5 yapambana. Koma mphamvu ya Tesla ili pa matchaja ake a Supercharger, amene galimoto imawadziwa yokha, imakuuzani poti muime ndi kwa mphindi zingati, ndipo mumangolumikiza chingwe popanda kulimbana ndi makadi. Ndipo ngati msewu wanu uli ndi matchaja a 50 kW okhaokha, onse awiri akhala pamenepo kopitirira ola, mavoti 800 aja osathandiza kanthu.

Choncho tsegulani mapu a matchaja pafoni, tsatirani ndi chala misewu ya m'kope lanu, n'kuona kuti matchaja ali kuti, ndi amphamvu bwanji, ndi angati pamalo amodzi, ndipo amene anafikapo posachedwa akuti akugwira ntchito kapena ayi. Malo a tchaja imodzi yokha musamawadalire.

Onaninso pulagi. Ku Ulaya ndi kumayiko ena ambiri ndi CCS2, ku China ndi GB/T, ku Japan ndi CHAdeMO, ndipo ku North America makampani ambiri akusamukira ku pulagi ya Tesla yotchedwa NACS. Galimoto yogula kwa wogulitsa wovomerezeka wa m'dziko lanu imabwera ndi pulagi yoyenera. Yoitanitsa kunja ikhoza kufika ndi pulagi yosalowa pa tchaja iliyonse ya kwanuko, n'kumakhalira adaputa moyo wake wonse.

Mtundu wa batire ndi nyengo ya kwanu

Mabatire ofala ndi amitundu iwiri. La NMC lili ndi nickel, manganese ndi cobalt. Limasunga magetsi ambiri pa kulemera kochepa, koma opanga amalangiza kuti tsiku ndi tsiku muzilekezera cha pa 80 peresenti, n'kumadzaza pokhapokha mukamanyamuka ulendo. La LFP lilibe nickel kapena cobalt, ndi lotchipirapo, limapirira kutchajidwa kambirimbiri, ndipo kulidzaza mpaka 100 kawirikawiri sikulipweteka kwenikweni. BYD imagwiritsa ntchito LFP, ndipo m'mayiko ambiri Model Y ya mota imodzi nayonso ndi ya LFP. Izi zikutanthauza kuti batire la LFP la 60 kWh lodzaza likufanana ndi la NMC la 75 kWh lolekezera pa 80 peresenti, pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Kwa munthu woyenda m'tauni, ine ndingatenge la LFP osayang'ana kumbuyo.

Kuzizira kumafooketsa batire lililonse, la LFP koposa, ndipo kutenthetsa m'kati kumadya magetsi omwewo oyendera. Ngati kwanu kumazizira kwambiri, funsani ngati galimotoyo ili ndi heat pump, chipangizo chotenthetsa m'kati mosadya magetsi ambiri, chifukwa pa magalimoto ena chimenechi n'chogula padera, komanso ngati imatha kufunditsa batire isanafike pa tchaja. Ngati kwanu n'kotentha, nkhawa yanu ikhale yakuti batire limaziziritsidwa ndi madzi, ndi kuti denga la galasi lili ndi chotchingira dzuwa.

Ngati magetsi amathimathima kumene mukukhala, funsani za V2L, yomwe ndi njira yotengera magetsi m'batire la galimoto n'kuyendetsera zipangizo za m'nyumba. Ioniq 5 imatha kutulutsa mpaka 3.6 kW, yokwanira kuyendetsa firiji, magetsi ounikira ndi kompyuta. Si galimoto iliyonse ili nazo.

Ziyendetseni tsiku limodzi, msewu umodzi

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'chipinda chogulitsira galimoto iliyonse imawala, ndipo mphindi khumi zozungulira ndi wogulitsa akulankhula m'khutu sizikuuzani kanthu. Pemphani ola lathunthu pa iliyonse, ngati n'kotheka usiku umodzi. Zonse ziwiri muziyendetse tsiku limodzi, chifukwa thupi limaiwala msanga. Sankhani nokha njira yokhala ndi mabampu, chitunda, msewu wothamanga, ndi malo opanikiza oimikapo.

Musanachoke, fufutani mita ya ulendo kuti pobwerako muwerenge kuti yadya ma kWh angati pa makilomita 100. Nambala imeneyo ndi ya phazi lanu pa msewu wanu, ndipo ndi imene muike m'masamu aja.

Musatengeke ndi kudumpha kwake ponyamuka. Galimoto yamagetsi iliyonse imakukanikizani kumpando mukaponda, ndipo pakatha sabata ziwiri simuzichitanso zimenezo. Tcherani khutu ku phokoso la matayala ndi la mphepo, popeza palibe injini yolibisa. Mverani momwe ikudutsira pa bampu: magalimoto amenewa amalemera pafupifupi matani awiri, ndipo ena anawaumitsa mashoko kuti asamayendeyende. Chotsani phazi pamoto n'kumva momwe ikudzigwirira yokha. Ioniq 5 ili ndi timapiko kuseri kwa chiwongolero tosinthira mphamvu ya kudzigwira kumeneku. Pa galimoto ina mungapeze kuti zosankha n'zochepa. Ena amakukonda mpaka kuiwala buleki, koma okwera kumbuyo kumawachititsa mseru ngati woyendetsa sanazolowere.

Mutaima, yesani kuchita zinthu zisanu zimene mumachita tsiku lililonse: kusintha kuzizira kwa m'kati, kuyatsa mawaipa, kukonza magalasi a m'mbali, kuchotsa nthunzi pagalasi lakutsogolo, kuchepetsa wailesi. Werengani kuti mwadina kangati, ndipo maso mwawachotsa kutsogolo kwa nthawi yaitali bwanji. Mu Model Y pafupifupi zonse zili pa sikirini imodzi yapakati, ngakhale liwiro mumaliwerenga pomwepo, kuseri kwa chiwongolero kulibe mita. Ioniq 5 ili ndi sikirini kutsogolo kwa woyendetsa ndi mabatani angapo. Palibe cholakwika pa ziwirizi, koma chimodzi chikukwanani, china chizikukwiyitsani m'mawa uliwonse, ndipo ndi inu nokha amene mungadziwe.

Kenako patsani mnzanu chiwongolero, inu mukhale kumbuyo. Batire limagona pansi, ndiye pansi pa galimoto pamakwera, ndipo munthu wamtali amapezeka maondo ali m'mwamba, ntchafu zosakhudza mpando. Kwa mphindi zisanu sizivuta. Kwa maola atatu ndi chilango. Ngati makolo okalamba azikwera, abwere adzayese okha kukwera ndi kutsika.

Bwerani ndi katundu wanu weniweni. Ine nditapita kukayesa, ndinatenga mpando wa mwana, ngolo yake yopinda ndi masutikesi awiri. Galimoto imene papepala inali ndi buti yaikulu inakana kutseka, chifukwa galasi lakumbuyo ndi lopendekeka ndipo linkagunda pakona ya sutikesi yapamwamba. Inayo, ya malita ochepa, inameza zonse n'kutsala malo a chikwama cha zingwe. Makampani sayeza buti mofanana: ena amalekezera pa chivundikiro, ena amafika kudenga, ena amaphatikiza ndi dzenje la pansi. Mangani mpando wa mwanawo pa ISOFIX, tizitsulo ta pampando wa galimoto tokolekapo mpando wa mwana, ndi manja anu, muone ngati wokhala kutsogolo akutsalirabe malo a miyendo. Tukulani pansi pa buti: ma SUV amagetsi ambiri alibe tayala lapadera, amangokupatsani kabotolo ka zomatira ndi kapampu. Ngati mumayenda kutali ndi matauni kapena m'misewu yamiyala, zimenezi muziganizire, pamodzi ndi kutalika kwa galimoto kuchokera pansi, chifukwa chimene chingakhule pamwala ndi chivundikiro cha batire. Wokoka ngolo afunse kulemera kololedwa, adziwenso kuti kukoka kumatha kudula mtunda ndi theka.

Ndalama zimene sizilembedwa pagalasi

Safunsa anadya phula. Imbani ku makampani a inshuwalansi awiri kapena atatu, mupemphe mtengo wa magalimoto onse awiri pa dzina lanu. Kusiyana kwake kumatha kudabwitsa. Werengani saizi ya tayala pambali pake n'kufunsa mtengo wa anayi, chifukwa kulemera ndi mphamvu ya mota zimadya matayala msanga. Funsani kuti galaja yovomerezeka ili pa mtunda wanji kuchokera kwanu, ndipo eni magalimoto oterowo akudikira nthawi yaitali bwanji kuti galasi kapena bampala ifike. Yankho la funso lomalizali mulipeze kwa eni ake, osati kwa wogulitsa.

Waranti ya batire kwa makampani ambiri ndi zaka 8 kapena makilomita 160,000, ndi lonjezo lakuti mphamvu yake sitsika kufika pansi pa 70 peresenti. Muiwerenge nokha, muone ngati imasamukira kwa wodzagula pambuyo panu, ndiponso ngati ikugwira ntchito m'dziko lanu. Waranti ya galimoto yonse ndi ina, ndipo apa makampani amasiyana kwambiri. Funsaninso zinthu zimene zili zaulere chaka choyamba chokha kenako n'kumalipira mwezi ndi mwezi, monga intaneti ya m'galimoto. Ngati mukugula pa ngongole, yerekezani ndalama zonse zimene mudzakhale mutapereka pomaliza, osati za pamwezi zokha.

Pa chitetezo sindikhalitsapo. Onani zotsatira za Euro NCAP, bungwe la ku Ulaya loyesa chitetezo cha magalimoto pangozi, kapena bungwe lofanana nalo la kudera lanu. Ioniq 5 inapeza nyenyezi zisanu mu 2021, Model Y mu 2022. Awiri anu akakhala kuti onse ali ndi zisanu, pitirirani.

Bwererani ku kope lija

Tsopano lembani zinthu zitatu zokha zimene sabata yanu singathe popanda izo. Zitatu, osati khumi, chifukwa mukachulutsa, mtundu wa magetsi a m'kati uyamba kulemera mofanana ndi msana wa amayi anu. Kwa wotchaja kunyumba, woyenda m'tauni ndi ana awiri, zikhoza kukhala mpando wakumbuyo, buti ndi inshuwalansi. Ameneyo atenge ya batire laling'ono imene banja linakhalamo momasuka, ndipo asalipire makilomita amene sadzawayenda. Kwa wopanda tchaja kunyumba, kapena wokhalira pamsewu, zikhale mphindi za 10 mpaka 80, matchaja a m'njira yake, ndi ma kWh amene anawerenga pa mita tsiku loyesa. Galimoto yopambana pa ziwiri mwa zitatuzo ndiyo yanu. Zikafanana ndithu, tengani imene galaja yake ili pafupi.

Musanapereke ndalama iliyonse, wogulitsa alembe papepala mtundu weniweni wa galimotoyo, kukula kwa batire, saizi ya malimu, ngati heat pump ilimo, zingwe zimene zibwere nayo, tsiku loilandira, ndi zimene zichitike ndi ndalama yanu tsikulo likadutsa. Zingwe muzitchule ndi maina, chifukwa ena amapereka cholumikiza pa tchaja chokha, cha pa soketi wamba n'kukhala chogula padera. Ndipo wamagetsi uja mupangane naye abwere sabata imodzi galimoto isanafike, kuti usiku woyamba ikamalowa pageti ipeze tchaja ili kale pakhoma, mbali yoyenera.